Chigubu Chimodzi cha Nthanda

Galimoto ya malemu a Levison inkamwa petulo ngati ng'ombe yofika pachitsime mwezi wa Okutobala. Inali pikiapu yakale, yomwe inabadwa yoyera koma inakalamba ndi mtundu wa fumbi la ku Wimbe. Mwini wake anaitcha Nthanda, chifukwa nyengo ya msika wa fodya inkanyamuka nyenyezi ya m'mawa ikangotuluka. A Levison atamwalira, Nthanda inakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigafa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.

Sankhani, yemwe mfunda wake unali Mwale, anaipeza pamenepo pomwe anabwera chikamwini. Kwawo kunali ku Kaluluma, kumene ankakonza njinga zamoto za kabaza, ndipo anakwatira Lefina, mwana wa a Levison ndi a Enelesi. Sanathe kupirira kuona injini itagona. Anachotsa mazira, anapukuta mapulagi, anabwereka batire, ndipo Nthanda inadzuka ndi utsi wakuda womwe unathamangitsa mbuzi za mudzi wonse. Koma ulendo woyamba wopita kumsika wa fodya ku Chinkhoma ndi kubwerera unameza zigubu ziwiri za petulo, chaka chomwe anthu ankagona pamzere kuti apeze chimodzi.

Nkhani ya galimotoyi inakambidwa m'chigafa, anthu akusankha fodya. Anaiyambitsa anali malume Grey, mchimwene wa a Enelesi, yemwe anali mwinimbumba.

"Mlongo wanga," anatero akutambasula tsamba pabondo, "chitsulo chiri apochi chikutidyera fodya. Ine ndili ndi ng'ombe ziwiri zongonenepa, zopanda chokoka. Tidule kumutuko, bodi ndi matayala akumbuyo tipange ngolo. Ng'ombe sizigona pamzere wa mafuta."

"Achimwene, m'galimoto imeneyo ndakhalamo zaka zonse za ukwati wanga," anayankha a Enelesi.

"Ndiye pangolo uzikhala kutsogolo, mphepo ikukupepa. Chavuta n'chiyani?"

A Enelesi sanaseke. Anakhala chofulatira kumene kunali Sankhani, monga ankachitira masiku onse. Pamudzi pawo anali asanataye mwambo wakale woti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso ndipo salankhulana okha. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'udzu. Midzi ina inasiya kale zimenezi, koma a Enelesi anakula nazo, ndipo Sankhani, yemwe anali wamanyazi chibadwire, anazilandira mosavuta. Mawu onse a pakati pa awiriwa ankadutsa mwa Lefina.

Mkamwini salowerera nkhani ya mbumba. Sankhani ankadziwa. Koma anaona msana wa apongozi ake mmene unawerama, manja atasiya kusankha fodya, ndipo anakhosomola.

"Lefina, uwauze amayi ndi malume kuti wakuba si galimoto yonse. Ndi kabuleta."

"Akuti wakuba ndi kabuleta," anatero Lefina, ngakhale onse anali atamva.

"Ameneyo ndiye ndani?" anafunsa a Grey.

"Ndi kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, injini isanameze. Ili mmenemoyo ndi yaikulu, ya makosi awiri, komanso inadyeka mkati. Imangokhuthula mafuta. Titaikamo yaing'ono, Nthanda ikhoza kumamwa ngati munthu."

A Grey anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Sanali munthu woipa. Ankangofuna ngolo, ndipo anali ataifuna kwa zaka zambiri.

"Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chabwino aMwale, tione kalumo kanu. Ndili ndi chigubu chimodzi chomwe ndinachigonera ku Kasungu, udzudzu ukundidya. Mabelo a mlongo wangayu akadindidwa, Nthanda iwanyamule mpaka ku Chinkhoma, ibwerere pabwalo pano ndi chigubu chomwecho. Ikatero ikhale. Ikafera panjira, ndidzaikoka ndi ng'ombe zanga, ndipo sidzachokanso pagoli."

A Enelesi ananena kanthu chapansipansi.

"Akuti yesani," anatero Lefina.

M'mawa mwake Sankhani anamasula kabuleta yakale, anaikulunga m'thumba la feteleza, n'kupalasa njinga mpaka pa Mtunthama. Kumeneko kunali a Hamdani, amalonda omwe kutsogolo kwa sitolo ankagulitsa mchere ndi sopo, koma kuseri anaunjika zitsulo za magalimoto onse omwe anafera pamsewu wa ku Nkhotakota.

"Iyi ndaidziwa," anatero a Hamdani atangoitulutsa m'thumba. "Ndi ya a Levison. Ndinawauza kalekale kuti, bambo, mukuweta fisi m'khola la mbuzi. Iwo n'kundiyankha kuti fisi wanga amalira bwino."

"Ndikufuna yaing'ono, ya khosi limodzi."

"Kusinthana?"

"Kusinthana."

"Mwana wa ku Kaluluma, mawu umagula kodi? Anzako amayamba anena za mvula, za ana, kenako malonda."

A Hamdani anafukula mulu wa zitsulo mpaka anatulutsa kabuleta yochepa ngati papaya losakhwima. Inachokera m'kagalimoto kena kakang'ono komwe kanagundidwa kumbuyo, kutsogolo kuli bwinobwino. Yaikuluyo anati aipereka kwa munthu wina wa lole yaing'ono yemwe sankaopa mafuta. Mabowo a mabawuti a kabuleta ziwirizi sanali ofanana, choncho anapita limodzi kwa wowotcherera wa pafupi, yemwe anadula kachitsulo kophwatalala kolumikizira yatsopanoyo painjini.

"Pakati pa kachitsuloka ndi injini pafunika gasiketi yotseka mpata," anatero a Hamdani. "Ndilibe. Udule wekha."

"Ndidula."

"Ndipo ikakana, undiuze msanga. A Grey andilonjeza kale injini ndi magalasi."

Sankhani anagwira ntchitoyo pansi pa mango, masana, fodya akamupatsa mpata. Anatsuka kabuleta yatsopano ndi timafuta ta m'botolo, anaphulira m'timabowo take ndi pampu ya njinga, anapinda waya wochokera ku chopondera moto kuti ufike pamalo pake patsopano. Gasiketi anaidula papepala lolimba lokutira mabelo. Lefina ankamubweretsera mbatata yootcha n'kukhala pa tayala lakale, kumamuseka.

"Mukaiyang'ana galimotoyi maso anu amawala. Ine munandiyang'anapo choncho liti?"

"Iwe sumamwa zigubu ziwiri."

"Yesani kundigulira fanta muone."

Tsiku loiliza, Nthanda inavuta pang'ono, kenako inagwira moto. Utsi wakuda uja panalibe. Sankhani anaizungulitsa pabwalo la mpira yopanda katundu, ndipo inayenda mopepuka. Pobwerera anaona a Enelesi ataima patali, pafupi ndi nkhokwe, atafulatira monga mwa nthawi zonse, koma mutu atapendeketsa ngati nkhuku yomvera kabawi. Anakodola Lefina ndipo analankhula naye nthawi yaitali, dzanja likuloza kugalimoto.

"Akuti chiyani amayi?" anafunsa Sankhani mkazi wake atabwera.

"Akuti mwagwira ntchito."

"Kulankhula konse kuja, mawu ake ndi omwewo?"

"Enawo ndi athu achizimayi," anatero Lefina, n'kumupukuta girisi pachipumi ndi nsonga ya chitenje.

Mabelo anadindidwa, anasokedwa, ndipo tsiku la ulendo linafika. Kunali chisanu cha mwezi wa Meyi, udzu uli mbuu ndi mame. A Grey anabwera ndi chigubu chawo atachinyamula ngati khanda, ndipo anathira okha m'thanki, atayamba agogoda pansi pake kuti amve ngati munalibe ena obisika. Fodya anali wa dzina la a Enelesi, choncho anayenera kupita nawo. Kutsogolo sakanakhala, phewa kukhudzana ndi la mkamwini. Anakwera kumbuyo, anayala katoni yakale ya sopo pakati pa mabelo, n'kukhala atafunda zitenje ziwiri. A Grey anakhala pambali pa Sankhani, chigubu chopanda kanthu chili pamiyendo. Lefina anatsala kuti ayang'anire fodya wotsala m'chigafa.

Poyamba zonse zinali bwino. Anadutsa minda yomwe inangotsala mapesi a fodya ali njoo, anadutsa tchalitchi, anadutsa mjigo pomwe amayi otunga madzi anaimika manja. Koma injini itatentha, Sankhani anamva kuti mwendo wake ukupempha zomwe Nthanda sikupereka. Akaponda moto, inkayamba yaganiza kaye. Anakoka choko pang'ono kuti aionjezere mafuta, mtima ukumupweteka, chifukwa dontho lililonse linali la m'chigubu chomwe chija.

Msewu unatsikira m'dambo, n'kukwera kutsidya pa mchenga. Mtunda wake unali woti mwana wa sukulu amakwera pa njinga osatsika. Nthanda inafika pakati, inatsokomola kawiri, inaphulika phu! kukhosi, n'kuzima.

Sankhani anaika mwala kutayala. Anayesa kuiliza. Inkagwira moto, koma akangochotsa phazi kuti akaone kuinjini, inkazima. Anayesanso, n'kuyesanso. Batire inayamba kulira mwaulesi.

A Grey anatsika, anavula chipewa, anakanda m'mutu.

"AMwale, musadandaule. Mwayesetsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ine ng'ombe ndili nazo. Mundidikire pompano." Anayang'ana kumbuyo. "Mlongo, usalire. Ndidzaipaka penti yabwino."

Anauyamba wapansi kubwerera kumudzi, akuyenda mwachangu kuposa msinkhu wawo.

M'dambomo munangoti zii. Kutali kunkalira njiwa. Sankhani anatsegula boneti n'kuiimika ndi kamtengo kake, ndipo anaima pamenepo akuyang'ana kabuleta yake yaing'ono ija. Mapaipi anali m'malo. Mafuta ankafika. Mapulagi atawamasula anali oyera ngati phulusa, kusonyeza kuti injini ikumva njala, koma njalayo ikulowera pati sanadziwe. Kuti apeze, pankafunika munthu wina pachiwongolero, woliza ndi kugwira moto iye ali kuinjini. Munthu yekhayo amene analipo anali woti sangamutume, sangamuitane, sangamuyang'ane.

Anamva galimoto ikugwedezeka. A Enelesi ankatsika. Anamva mapazi pamchenga, kenako chitseko cha dalaivala chinalira, mpando n'kuphwefuka. Sankhani anaweramitsa mutu. Boneti inali chiimire pakati pawo ngati chitseko cha nyumba. Iye sankawaona, iwo sankamuona.

Kenako anamva dzanja likusisita chiwongolero.

"Iwe Nthanda," anatero a Enelesi, "pano palibe mwana woti ndimutume. Ndituma iwe. Uwauze aMwale kuti ukuimba mluzu."

Sankhani anayang'ana injini ngati ingayankhedi.

"Nthanda," anatero chapansipansi, "uwafunse amayi kuti mluzu wake wotani."

"Uwauze kuti ine ndimakudziwa kulira kwako konse. Kugogoda kwa kumanzereku n'kwakale, kunayamba chaka chomwe Lefina anabadwa. Kulira kwa lamba m'mawa n'kwakale. Chitseko ichi, n'chakale. Koma kamluzu aka, kakuti tswii pansi pa zonsezo, n'kachilendo. Kanabwera ndi chinthu chatsopanocho. Ndinakamva tsiku loyamba lomwe, ndipo ndinamutuma Lefina."

"Uwauze kuti uthengawo sunafike."

"Hm. Anaumeza. Anaopa kuti amuna ake agwa mphwayi. Mwana ameneyu chikondi chamupusitsa."

Sankhani sanamve mluzu uliwonse masiku onsewa. Kwa iye Nthanda inkalira paliponse, ndipo phokoso lililonse linali latsopano mofanana. Koma ankadziwa chomwe mluzu umatanthauza painjini. Penapake pankalowa mpweya wakuba, wosadutsa m'kabuleta, ndipo unkasungunula chakudya cha injini mpaka kutsala madzi okhaokha.

"Nthanda, uwafunse amayi ngati angathe kupotokola kiyi ndi kuponda moto."

Kuseri kwa boneti kunamveka kaphwete.

"Uwauze kuti kuyendetsa sindidziwa. Koma chopondera ichi ndachiponda m'madambo onse a kuno mpaka ku Dwangwa, mwini wako ali pomwe aima iwopo, akunditukwanira zitsulo. Anene okha kuti liti."

Sankhani anachotsa chosefera mpweya, anaphimba khosi la kabuleta ndi chikhatho mwatheka.

"Tsopano."

Batire inabuula, inabuulanso, injini n'kugwira. A Enelesi anaigwira ndi phazi pamalo amodzi, osakweza osatsitsa, ngati munthu wopeta. Sankhani anatenga botolo la madzi akumwa n'kuyamba kudonthezera m'mbali mwa kachitsulo kolumikizira kaja, mbali imodzi, kenako ina. Atafika kumbuyo, madzi anamwedwa pamaso pake, ndipo injini inasintha mawu.

"Wasiya!" anafuula a Enelesi. Kenako anakumbukira. "Nthanda, uwauze kuti mluzu unasiya, koma wayambiranso."

"Uwauze kuti ndapapeza. Azimitse."

Anamasula mabawuti, zala zikupsa. Kachitsulo ka wowotcherera kaja kanali kopindika pang'ono pakona imodzi, kupindika kosaoneka ndi maso, ndipo pepala lomwe iye anadula linali lopyapyala moti silikanatseka mpatawo. Kutentha kunalipsereza, n'kung'ambika. Anayang'ana uku ndi uku. M'dambo munali udzu ndi mchenga basi.

"Nthanda, uwauze amayi kuti ndikufuna chikatoni chokhuthala. Ndilibe."

Chitseko chinalira. Mapazi anapita kumbuyo, anabwerera. Kenako pansi pa boneti, chakumbali, panatulukira dzanja lokha, lakuda ndi utomoni wa fodya, litagwira katoni yomwe anakhalira ija. Pamwamba pake panali kachidutswa ka sopo wochapira, komwe ankayenda nako kunsonga ya chitenje. Sankhani analandira ndi manja awiri, mawondo atapinda, ngakhale panalibe womuona.

Anagoneka kachitsulo kaja pakatoni, analemba m'mbali ndi msomali, anadula ndi mpeni magasiketi awiri. Anawapaka sopo wonyowa mbali zonse, anawasanjikiza, n'kumanga mabawuti mosinthanasintha kuti kachitsulo kakhale mofanana. Kenako anabwezera zonse.

"Aponde."

Nthanda inadzuka msanga.

"Achotse phazi."

Phazi linachoka. Injini sinazime. Inangokhala ikung'ung'udza yokha, mofatsa. Sankhani anatenga sikuludalaivala n'kuyamba kupotokola kasikulu kosakanizira, pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Akalowetsa kwambiri injini inkanjenjemera, akatulutsa kwambiri inkalemera. Anaisiya pakati, pomwe inkayenda mosalala.

"Uwafunse amayi ngati mluzu ulipo."

"Palibe."

Koma mawuwo anatuluka olemera. Sankhani anadikira.

"Nthanda," anatero a Enelesi, "si mmene unkalirira. Kale ukamachokera ku Chinkhoma ndinkakumva uli kutchalitchi, ine n'kuika madzi osamba pamoto. Unkabangula. Lero ukulira ngati makina osokera. Uwafunse ngati sangakubwezere mawu ako."

Sankhani anayang'ana kasikulu kaja. Akanatha kunama, kapena kuitsegulira mafuta kuti ikalipe pang'ono. Anapukuta manja pabuluku.

"Uwauze amayi kuti sindingathe. Mawu aja anali a khosi lalikulu lija, ndipo ndi lomwelo linkamwa zigubu ziwiri. Ikhala ndi ife, koma izilankhula motsitsa."

Injini inapitiriza kung'ung'udza. Anamva apongozi ake akumina.

"Chabwino," anatero. "Nafenso tinatsitsa mawu. Uwauze azimitse, mafuta akutha. Tidikire achimwene adzaone okha."

A Grey anatulukira dzuwa litakwera, akukusa ng'ombe zawo ziwiri zili pagoli, unyolo uli paphewa. Pambuyo pawo pankabwera Lefina, maso ali ofiira. Anapeza boneti yotseka, a Enelesi ali pamwamba pa mabelo, Sankhani ali pachiwongolero. Sankhani anadikira mpaka ng'ombe zitafika pafupi, n'kupotokola kiyi. Ng'ombe zinadzidzimuka, a Grey n'kugwetsa unyolo.

"Aa! Mwaitani?"

"Inkaba mpweya, malume."

"Ndiye mwaigwira nokha? Ntchito yotereyi imafuna anthu awiri."

A Grey anayang'ana mkamwini, anayang'ana mlongo wawo pamwamba pa mabelo. A Enelesi ankayang'ana mitambo.

"Iwe Lefina," anatero osatsitsa maso, "munthu akakutuma, uzifikitsa mawu onse, owawa omwe. Amuna akowa si dzira. Tenga ng'ombe za malume ako ubwerere nazo."

Lefina anatola unyolo. Podutsa pawindo anatsina mwamuna wake pamkono, akuseka ndi misozi yomwe.

Nthanda inakwera kamtunda kaja ndi giya yoyamba, mosathamanga, koma mosakayika. Inalibenso mphamvu zakale, ndipo Sankhani anaphunzira msanga kuinyengerera: kusintha giya nthawi yabwino, kusaponda moto mwaukali, kuona mtunda usanafike. Atalowa pa tala, njinga zamoto zinkawapitirira. A Grey anangoyang'ana kutsogolo mpaka pa Mtunthama, pomwe a Hamdani anatuluka m'sitolo n'kugwira pakamwa. Apo a Grey anaimika dzanja pawindo ngati galimotoyo ndi yawo.

Atadutsa tawuni ya Kasungu n'kukhotera kumwera, anayamba kusuzumira kamuvi koonetsa mafuta, komwe kanafa kalekale.

"AMwale, apa pakutsetsereka. Bwanji osachotsa phazi?"

"Ndachotsa, malume."

"Chotsani lonse. Uyo wa minibasiyo msiyeni apite, akathera kutsogolo."

Ku Chinkhoma kunali mzere wa magalimoto odikira kutsitsa. Sankhani anazimitsa injini, ndipo mzere ukasuntha ankatsika n'kukankha, dzanja limodzi lili pachiwongolero. Ulendo wachiwiri anamva galimoto yapepuka. Atacheuka anaona a Grey ali kumbuyo, phewa lili pabodi, chipewa chili m'kamwa.

"Musandiyang'ane," anatero atachilavula. "Ndikuteteza petulo wanga."

Mabelo anatsitsidwa, a Enelesi anamaliza zawo ndi alembi a pamsika, ndipo anauyamba wobwerera dzuwa litapendeka. Yopanda katundu, Nthanda inkayenda ngati yaiwala ukalamba. Anadutsa Kasungu, anadutsa Mtunthama, anasiya tala. Anawoloka dambo lija onse atagwira mpweya. Anadutsa mjigo. Denga la tchalitchi litaonekera, a Grey anayamba kuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, akumenya chigubu ndi zala.

Atangopitirira tchalitchi, injini inatsokomola kamodzi. Inagwiranso. Kenako inaleka, mwakachetechete, ndipo galimoto inayenda yokha kufikira pomwe matayala anatopa. Kutsogolo, kupyola munda umodzi wa mapesi, mtengo wa mango unkaoneka, ndi denga la chigafa, ndi Lefina ataima pamsewu dzanja lili pachipumi.

Sankhani anayesa kiyi. Anatsika, anagwedeza galimoto, anaika khutu pathanki. Munali mouma. Anaima pamenepo manja ali lende. Pangano linali la pabwalo, ndipo pabwalo sanafike.

A Grey anatsika pang'onopang'ono. Anayenda kuzungulira galimoto yonse, anagogoda bodi ndi chala, anagwada n'kuyang'ana matayala akumbuyo nthawi yaitali. A Enelesi anali chikhalire m'bodimo, pa masaka opanda kanthu.

"Bodi yabwino," anatero a Grey. "Ikanakhala ngolo yoti anthu azichita kubwera kudzaona." Anadzuka akugwira msana. "Koma mafuta omwe anapserera m'dambo m'mawa muja, mukulimbana nayo, akanatifikitsa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinalipo, ndaona mmene yamwera. Sindingadule chinthu chomwe chasiya kuba." Anapumira m'mwamba. "Ng'ombe zanga zili ndi mwayi. Zifa ndi mafuta m'thupi. Tiyeni tikankhe, anthu asatione."

Sankhani anatembenukira kwa malume kuti athokoze. Anangowomba m'manja kawiri, mwaulemu. Kenako anaona vuto lina. Msewu wolowera kumudzi unali wamchenga, wofuna amuna awiri kumbuyo, ndipo iye sakanakhala pampando akuluakulu akumukankha.

"Malume, gwirani chiwongolero."

"Ine? Ndingakulowetseni m'chimbudzi cha abusa. Ndimadziwa chingwe cha ng'ombe basi."

A Enelesi anatsika m'bodi, anamanga chitenje, anadutsa mbali ina ya galimoto kuti asakumane ndi mkamwini, n'kukhala pampando wa dalaivala. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, chibwano chili m'mwamba.

"Achimwene, auzeni aMwale akankhe."

Anakankha. Nthanda inayenda mokhotakhota, inapsopsona mapesi a kumanzere, inabwerera, inakanda chitsamba cha kumanja. Ana a m'mudzi anatuluka akukuwa, agalu pambuyo. Pamchenga panatha, panayamba pouma potsetserekera pabwalo, ndipo galimoto inawasiya amuna awiri aja manja ali m'malere.

"Amayi, buleki!" anakuwa Lefina akuthamanga pambali. "Pondani buleki!"

"Ili kuti? Ine ndimadziwa cha moto chokha!"

"Chapakati, amayi!" anafuula Sankhani, mawu onse, osatuma munthu. "Chapakaticho!"

Nthanda inaima mwadzidzidzi, mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza nkhokwe. Nkhuku zinabalalika. A Grey anakhala pansi pamsewu pomwepo, akuseka mpaka kutsokomola. Sankhani anagwira pakamwa, atazindikira kuti wakalipira apongozi ake pamaso pa mudzi wonse.

A Enelesi anatsika, anakonza duku. Anayang'ana mpata wotsala pakati pa galimoto ndi nkhokwe, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Lefina, tenga nkhuku yaikulu ija uwaphere amuna ako. Malume ako uwapatse mutu ndi miyendo."